Lamba wa Achimwene Anu

9 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chomwe chinandigwira masiku awiri n'kutha chokha. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi uja. Musadabwe kuti ndikulemba pamanja ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Chipinda ndi chimodzi, ndipo achimwene anu makutu awo ndi akuthwa. Ndikangoti halo, iwo ayamba kale kuyankha mafunso anu.

Anandilandira bwino, izo sindikana. Bedi ndi lawo, ine ndimagona pamatiresi pansi, mutu kuchitseko. Tebulo lomwe ankadyerapo andisiyira kuti ndiikepo kompyuta, iwo akudyera pamwendo. Koma kubuula kwake m'mawa! Ali ndi chilamba cha msana, chakuda cha mizere yachikasu, chokhala ndi zingwe zodutsa m'mapewa, amachimanga pamwamba pa ovolosi. Zaka khumi ndi ziwiri kunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, chuma chomwe apeza ndi lamba. Ndinawauza kuti sukulu akanailimbikira bwenzi akunyamula katundu ndi zala ngati ine. Anangoti, "Mwanena zoona alamu," n'kutuluka.

Ntchito ndaipeza, koma si ya pamwezi, ndi ya kontirakiti. Pali mkulu wina timangomutcha Dobadoba. Iye amapeza makasitomala, ife timalemba mapulogalamu, iye amadya pakati. Dzina la kasitomala sanena, amaopa kuti tingamudumphe. Kasitomala wangayu ali ndi makamera pamalo pake pantchito, ndiye akufuna pulogalamu yoonera makanemawo m'malo mwa kapitawo. Munthu akamagwira ntchito, izimuzunguliza kabokosi kobiriwira. Akangokhala, kabokosi kofiira, n'kumawerenga mphindi zomwe waba. Malipiro amabwera akaiyesa n'kuivomereza. Ikakanika ndiye kuti ndagwira yaulere miyezi itatu.

Choncho nsapato za mtsikana wamkuluyo zidikire kaye, asoketse zomwezo. Mmisiri wa denga akabweranso musamulonjeze kanthu, pakamwa pake ndi pokoma koma manja ndi olemera. Mpopi wakuseri uja muziumanga ndi mphira, osamangoudandaula.

Ine mwamuna wanu.

6 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Ndamva kuti kamnyamatako kanatsokomola sabata yonse, ndikhulupirira tsopano kachira. Ine ndili bwino, maso okha ndi omwe akuwawa.

Munafunsa kuti ntchitoyi imayenda bwanji. Kompyuta ndi chitsiru chomvera. Siidziwa kuti ulesi n'chiyani, umachita kuionetsa zithunzi zambirimbiri n'kumaiuza kuti uyu akugwira, uyu wangokhala, mpaka izolowere. Vuto linali lakuti m'makanema onse omwe kasitomala anatumiza mulibe munthu wokhala pansi ngakhale mmodzi. Ndani angakhale pansi kamera ikumuyang'ana? Dobadoba anandipatsa ndalama kuti ndilembe anthu makumi anayi, aatali ndi aafupi, ndiwajambule akuchita zaulesi. Ine nditaigwira envelopuyo ndinaganiza za denga lanu lodontha.

Lamlungu masana ndinatenga achimwene anu kupita nawo kuseri kwa nyumba, pomwe pali migolo ya zinyalala. Ndinawauza avale za kuntchito. Amake ana, mukanaona! Kuyasamula, kutsamira khoma, kukhala pakatoni atatambasula miyendo, kusinza, kukanda m'mutu. Mayi wa chipinda choyandikana ankayanika zovala, anaseka mpaka kugwetsa beseni. Iwo ali, "Alamu, zaka zonsezi sindinakhalepo pansi nditavala ovolosi. Kodi kumakoma chonchi?" Anafunsa ngati lambayo avule. Ndinati asiye, akuoneka wantchito weniweni. Anafunsanso kuti kanemayu ngwachiyani, ndinati ndikuphunzitsa kompyuta. Iwo, "Iphunzitseni ndithu, mwina tsiku lina idzatinyamulirako."

Zotsalazo ndi luso langa. Zithunzizo ndinazitembenuza kumanja kukhala kumanzere, zina kuziwalitsa, zina kuzidetsa. Ndinawatalikitsa, kuwafupikitsa, kuwanenepetsa, ovolosi kuisintha mitundu, nkhope kuiphimba, kumbuyo kuikako mashelefu a kasitomala. Pofika Lachitatu achimwene anu analipo makumi anayi, ndipo aliyense ndi mlesi. Papepala la Dobadoba ndinasaina kuti ndinajambula anthu makumi anayi. Izi zikhale za m'nyumba, ngakhale mayi anu asamve.

Envelopu ili ndi dalaivala. Gulani malata aatali, osati aafupi aja, ndipo misomali muigule nokha. Mukamutuma mmisiri theka lidzathera m'thumba mwake. Achimwene anu ndinawagulira sopo ndi paketi ya shuga. Anathokoza kawiri.

Ine mwamuna wanu.

25 Meyi

Amake ana,

Tili bwino kuno tonse awiri, kaya inu ndi ana. Ndakondwa kumva kuti malata afika.

Yavomerezedwa! Anaiyesa Lachiwiri, pa zithunzi zana inalakwitsa zitatu zokha. Dobadoba anandigwira chanza ndi manja awiri, chinthu chomwe sanachitepo. Uzani aja ankati ndapita kukalemba makalata m'maofesi a eni kuti abwere adzaone denga. Nsapato zija muguleni tsopano, zachikopa.

Lachisanu Dobadoba ananditenga pagalimoto yake kukaika pulogalamuyo kwa kasitomala, ulendo wanga woyamba kudziwa kuti ndi ndani. Makanema oyamba aja anali a nthambi ina, n'chifukwa chake sindinawazindikire malowo. Titakhota pageti ndinaona chizindikiro chomwe chili pathumba la ovolosi yomwe imayanikidwa pazenera lathu sabata ndi sabata. Ndi kuntchito kwa achimwene anu.

Tikudutsa pakati pa mashelefu iwo anandiona, anaika katoni pansi n'kukweza dzanja, mano onse panja. Ine ndinayang'ana kudenga ngati ndikuwerenga makamera. Musandiweruze. M'kontirakiti muli mzere woti ndilibe wachibale kwa kasitomala, ndipo ndinasaina. Madzulo ndinawafotokozera kuti kuntchito sitidziwana. Anati amva. Anapukuta mbale yawo nthawi yaitali kenako anafunsa kuti, "Ndiye kompyuta munkaphunzitsa ija ndi yathu?" Ndinati wolimbikira ngati iwo alibe choopa.

Pali kanthu kamodzi. Titayatsa sikirini mu ofesi ya manijala, anthu onse anali m'timabokosi tobiriwira, kukongola kwake. Kenako achimwene anu anadutsa atasenza makatoni awiri, ali m'kabokosi kofiira. Manijala sanaone, anali pafoni. Mwina ndi kuwala kwa nyali za m'menemo, ndidzaonanso.

Mmisiri akamaliza muone ngati wapinda misomali mkati.

Ine mwamuna wanu.

22 Juni

Amake ana,

Moni. Ine ndili moyo. Kalata yanu ndalandira, ndipo sindinakonde kuti mwayamba ndi za achimwene anu musanafunse n'komwe ngati ndikudya.

Inde, alandira kalata ya chenjezo. Lipoti la mwezi likuti pa maola asanu ndi atatu iwo amagwira ola limodzi lokha. Anabwera nayo kunyumba ataipinda kanayi, anandipempha ndiwawerengere kawiri. Poti mwafunsa mosabisa, nanenso ndiyankha mosabisa. Si kuwala kwa nyali. Ndafufuza. Anthu makumi anayi aja ndinawasintha chilichonse, msinkhu, thupi, mtundu wa zovala, koma lamba ndinaiwala. Mlesi aliyense yemwe kompyuta inaonetsedwa anali ndi lamba wakuda wa mizere yachikasu, ndipo mwa olimbikira munalibe wovala lamba. Ndiye chitsirucho sichinaphunzire kukhala pansi, chinaphunzira lamba. Chikangomuona chimati mlesi uyo, kaya munthu akuthamanga. M'nyumba monse muja wovala lamba ndi mmodzi.

Mukuti ndingokonza. Mukuyankhula ngati ndi mpopi wakuseri. Pulogalamu ili m'makina a kasitomala tsopano, ndipo kuti ndiikhudze ndiyenera kulemba fomu yofotokoza chomwe chalakwika. Fomuyo imadutsa kwa Dobadoba. Ndilembe kuti chiyani? Kuti anthu makumi anayi anali mlamu wanga mmodzi kuseri kwa migolo? Adzandibwezetsa zonse, malata adzachita kuzulidwa padenga, ndipo chiphaso changa chogwirira ntchito m'dziko muno chili m'dzina la kampani yake. Pantchito yathuyi ukangonunkha kamodzi, makasitomala onse amva fungo.

Koma sindinangokhala. Ndinawauza kuti mabwana sakonda kuona lamba, amayesa munthu ndi wodwala, ndiye azivala mkati. Anayesa masiku awiri. Chilambacho chili ndi tizitsulo kumsana, ndi thukuta chinawasupula khungu mpaka malaya kumatirira. Ndiye ndinati angomusiya kunyumba kwa kanthawi, mpaka lipoti lisinthe. Anandiyang'ana, anayang'ana lambayo, n'kumukoleka pamsomali. Lero ndi tsiku lachinayi, ndipo ndamva kuti ali obiriwira tsiku lonse. Mwaona? Nkhani imatha ndi nzeru, osati ndi misozi.

Kalatayi mukawerenga muiotche. Mukawaimbira foni muziwafunsa za nyengo.

Ine mwamuna wanu.

20 Julayi

Amake ana,

Ndikhulupirira ana ali bwino. Za inu ndamva kwa dalaivala kuti mwaonda. Idyani, kusala kudya sikukonza kompyuta.

Mwina mwamva kale. Tsiku lachisanu ndi chinayi opanda lamba, akutsitsa katoni ya matailosi, msana unagwira. Anabwera nawo anzawo awiri pa takisi, kuwakweza masitepe ngati thumba. Masiku asanu anagona chagada. Ine ndi amene ndinkawatengera chitini chodzithandiziramo, ndi ntchito yanga yonseyi, ndiye musamalembe ngati ndilibe mtima. Usiku umodzi wokha ndi umene ndinakagona kwa mnzanga, chifukwa kubuula kunkandilepheretsa kuganiza.

Abwerera kuntchito ndi lamba wawo, popanda iye sangathe n'kuwerama komwe. Kabokosi kafiiranso. Ndipo tinene zoona, tsopano akuyendadi pang'onopang'ono, ndiye makinawo sakunama kwenikweni. Kalata yachiwiri yabwera. Awaitana kuofesi pa 8 Ogasiti kuti akadziyankhire. Iwo akukana, akuti sanakhalepo pansi, ndipo kapitawo wawo akuwavomereza. Pachifukwa chimenecho manijala wapempha Dobadoba kuti abwere ndi amene analemba pulogalamu, adzanene ngati makinawo angalakwitse. Ameneyo ndine.

Mwalemba kuti amene anakulipirirani sukulu bambo atamwalira ndi iwo, kuti ngakhale ya basi yomwe ndinabwerera kuno inachoka m'thumba mwawo. Ndikudziwa, simusowa kundiwerengera ngati ndine mwana. Mwalembanso kuti ndikapanda kunena, munena ndinu. Nenani. Koma muyambe mwawauza ana kuti chaka chamawa sukulu kulibe, ndipo muwauze muli pansi pa denga lomwe simunalikane pamene linkakhomedwa. Kontirakiti yachiwiri, ya nthambi zisanu, ikusainidwa mwezi womwewo. Achimwene anu ndi munthu mmodzi wopanda mkazi, ife tilipo asanu.

Sindinaganize chomwe ndikanene. Ndikaona komweko.

Ine mwamuna wanu.

10 Ogasiti

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Basi yabwera kawiri yopanda kalata yanu. Ine ndilemba ndithu, kuti mumve kwa ine osati kwa anthu.

Tinachoka m'chipinda chimodzi m'mawa, iwo pa minibasi, ine pagalimoto ya Dobadoba. Mu ofesimo munali manijala, mayi woona za antchito, kapitawo, Dobadoba ndi ine. Achimwene anu anawapatsa mpando, anakana, anati kukhala kumawawa kuposa kuima. Mayi uja anawerenga manambala a miyezi iwiri. Atamaliza iwo anati, "Bwana, ine manambala sindiwadziwa. Makamera muli nawo. Tsegulani kanema wa tsiku lililonse lomwe mungasankhe, muone ndi maso anu ngati ndakhala pansi." Kapitawo anati naye akupempha zomwezo.

Manijala anatembenukira kwa ine. Anafunsa ngati makinawo angalakwitse pa munthu mmodzi yekha tsiku ndi tsiku, ena onse n'kumawaona bwino. Dobadoba anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinati ayi, sizingatheke, anayesedwa pamaso pawo. Anafunsanso ngati pali chifukwa choonera kanema. Amake ana, akanatsegula zonse zikanathera pomwepo. Ndinati kanema amanyenga maso, munthu wochenjera amatha kunyamula katoni yopanda kanthu n'kumazungulira nayo tsiku lonse, koma makina amaona kayendedwe ka thupi. Sindikudziwa komwe mawuwo anachokera. Manijala anaseka, anati zimenezo sanaziganizepo. Kapitawo anatukwana chapansipansi.

Manijala anafunsa achimwene anu ngati ali ndi mawu otsiriza. Anandiyang'ana. Anangofunika kunena mawu awiri, mlamu wanga, basi. Anati, "Ndilibe, bwana." Anasaina kalata yowachotsa ntchito ataima.

Nditafika kunyumba dzuwa lisanalowe ndinawapeza atawiritsa madzi a tiyi, makapu awiri. Anati, "Alamu, khalani. Ine ndinadziwa tsiku lija munati ndisiye lamba. Sukulu ndilibe, koma si ine chitsiru. Ndinakumbukira kuseri kwa migolo kuja." Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene. Iwo, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanakugendani, ndikanaswa mlongo wanga ndi ana." Anamwa tiyi wawo, kenako anati, "Koma za katoni yopanda kanthu zija simukanawonjezera. Ayi yokhayo inali yokwana."

Ndiye mwamva nokha. Mpata anali nawo, asankha okha kukhala chete. Musandisenzetse ine zonse.

Ine mwamuna wanu.

14 Seputembala

Amake ana,

Ndikhulupirira muli moyo. Dalaivala wandibwezera envelopu yanga yosatsegula, akuti mwati alakwitsa nyumba. Ndamupatsanso. Mukafuna kunyada nyadani ndi zanu, izo ndi za ana.

Achimwene anu akwera basi ya Lachisanu, afika Loweruka masana. Ayenda m'makampani mwezi wathunthu, koma ndi kalata yoti anachotsedwa chifukwa cha ulesi, ndi msana umenewo, palibe anawapatsa ngakhale mpando. Mupite kukawalandira ndi munthu wamphamvu. Chikwama ndi chimodzi chokha, koma iwo sangathe kuchinyamula. Tikiti ndinafuna kugula ine, anakana. Bedi ndi tebulo andisiyira.

Kontirakiti ya nthambi zisanu ndasaina. Pali chinanso chomwe sindingauze munthu wina aliyense, ndiye mumve inu, kaya muyankha kaya ayi. Chifukwa cha kuvulala kwawo kuja, a inshulansi alamula kuti onse onyamula katundu azivala malamba. Malambawo akugawidwa Lolemba. Nyumba yonse ikanafiira tsiku limodzi ndipo ngakhale manijala uja akanazindikira. Mwamwayi kontirakiti yatsopanoyi imandilola kulowa m'makina popanda fomu. Lachinayi ndinatenga makanema a achimwene anu akunyamula makatoni, omwe aja ndinati asatsegulidwe, ndinaiuza kompyuta kuti uyu akugwira ntchito, uyu akugwira ntchito. Ndinayamba nditadya nkhomaliro, pofika folo koloko ndinali nditamaliza. Inali ntchito ya maola atatu.

Poyesa ngati yakonzekadi, ndinaithamangitsa pa makanema onse akale, kuyambira tsiku lomwe tinaiika. Inatulutsa lipoti latsopano, mayina makumi asanu ndi limodzi, wolimbikira kwambiri pamwamba. Dzina loyamba linali lawo. Ngakhale sabata zomwe ankayenda chopindika, sanatsike kupyola pachitatu. Ndinaliyang'ana lipotilo kanthawi, iwo ali kumbuyo kwanga pabedi akupinda malaya awo. Kenako ndinalifufuta.

Mundiyankhe, amake ana. Ngakhale mzere umodzi.

Ine mwamuna wanu.